Makes a King: chimbale cha The Very Best chojambulidwa kunyanja

Makes a King ndi chimbale chachitatu cha The Very Best, gulu loimba la anthu awiri: Esau Mwamwaya wa ku Malawi, amene amaimba, ndi Johan Hugo wa ku Sweden, amene amakonza ndi kujambula nyimbo. Chinatuluka mu Epulo 2015 kudzera ku kampani ya Moshi Moshi Records ya ku London. Ntchito yaikulu ya chimbalechi inagwiridwa m'mudzi wa M'dala Chikowa, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi. Maimbidwe ake ndi ovuta kuwapatsa dzina limodzi. Muli ng'oma za pa kompyuta, magitala a mabandi a rock, mawu a makwaya, ndiponso kuimba kotsogolera ndi kuvomereza komwe Mmalawi aliyense anakula nako. Nyimbo zambiri ndi za m'Chichewa.

Chiyambi cha gululi

Esau Mwamwaya anabadwira ku Mzuzu koma anakulira ku Lilongwe, komwe ankaimba ng'oma m'mabandi, kuphatikizapo Masaka Band. Mu 1999 anapita ku London, ndipo kumeneko anatsegula sitolo yogulitsa katundu wakale wam'nyumba m'dera la Clapton. Pafupi ndi sitoloyo panali situdiyo ya Radioclit, anyamata awiri okonza nyimbo zovina, Etienne Tron wa ku France ndi Johan Hugo. Tron anadziwana ndi Esau atapita kukagula njinga m'sitolomo. Macheza atakula, Esau anapita ku situdiyo ngati woimba ng'oma, koma anzakewo atamva mawu ake anamuika patsogolo.

Mu 2008 atatuwa anaika pa intaneti nyimbo zaulere zomwe Esau ankaimba m'Chichewa pamwamba pa zoimbira za nyimbo zotchuka kale. "Tengazako" inachokera ku "Paper Planes" ya M.I.A., pomwe "Kamphopo" inamangidwa pa nyimbo ya gulu la ku Australia la Architecture in Helsinki. Apa ndi pomwe okonda rock yamakono ku Ulaya ndi ku America anayamba kulitchera khutu gululi. Chimbale choyamba, Warm Heart of Africa, chinatuluka mu 2009, ndipo munaimba M.I.A. komanso Ezra Koenig wa gulu la ku New York la Vampire Weekend. Kenaka Tron anasiya gululi. Chimbale chachiwiri, MTMTMK, chinatuluka mu 2012, Esau atabwerera kale kudzakhala ku Lilongwe. Chimenechi chinali chodzaza ndi nyimbo zothamanga za m'malo ovinira, ndipo munali alendo monga K'naan ndi Amadou & Mariam.

Kajambulidwe

Pofuna kupanga chimbale chachitatu, awiriwa anachoka m'tauni n'kukakhala kunyanja, atanyamula zipangizo zojambulira. Sanatsekereze phokoso lakunja monga zimakhalira mu situdiyo, choncho mawu a pamudzi analowa nawo m'nyimbo zina. Zotsatira zake n'zakuti Makes a King n'chofatsa kusiyana ndi MTMTMK: zida zoimba ndi manja zachuluka, ndipo mawu a anthu oimba pamodzi apatsidwa malo aakulu. Mwa oimba a kuno amene anathandiza pali bandi ya Mafilika ndi gulu la Jerere. Ochokera kunja ndi monga Baaba Maal wa ku Senegal, Seye, Jutty Taylor, ndi Chris Baio, woimba gitala ya besi mu Vampire Weekend.

"Hear Me"

Nyimbo yomwe inatsogola kutuluka ndi "Hear Me", momwe Baio anaimbamo besi. Inalembedwa mu Meyi 2014, patatsala masiku ochepa kuti kuchitike chisankho cha pa 20 Meyi, chomwe Peter Mutharika anapambana n'kulowa m'malo mwa Joyce Banda. Chaka chomwecho, pa 6 Julayi, dziko linakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu wodzilamulira, ndipo nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate, yomwe inaululika mu 2013, inali idakali pakamwa pa aliyense. Nyimboyi ndi dandaulo pa umphawi ndi katangale zomwe zikupitirira patatha zaka zonsezo. Imayenda pang'onopang'ono, Esau akukweza mawu ngati wotsogolera nyimbo pamaliro. Kanema wake anajambulidwa m'mudzi wa M'dala Chikowa momwemo.

Malo ndi mayina a nyimbo

Dera lomwe chimbalechi chinabadwira likuyenera kufotokozedwa, chifukwa si tchire lakutali monga ena akunja angaganizire. Gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ndi lodzaza ndi anthu. Kuli midzi ya asodzi, matchalitchi ndi mizikiti moyandikana, Ayao ndi Anyanja pamodzi ndi Atonga amene anatsika kuchokera kumpoto kutsata nsomba. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja, m'mawa mabwato amakocheza, amayi n'kuyanika nsomba pa thandala. Kumeneku n'kwawo kwa beni, manganje ndi sikiri, ndipo ngakhale kukoka khoka kumakhala ndi nyimbo zake. Woimba amene wakhala pagombe lotere n'zosadabwitsa kuti atulutse chimbale cha mawu ambiri oimbira limodzi. Baaba Maal nayenso si mlendo pa moyo umenewu, pakuti anabadwira m'banja la asodzi ku Podor, m'mphepete mwa mtsinje wa Senegal.

Mayina a nyimbo zambiri anasiyidwa m'Chichewa pa chimbale chogulitsidwa ku London ndi ku New York, ndipo ichi n'chinthu chosangalatsa. Muli "Nkhondo", "Mwana Wanga", "Sweka", "Kanyale", ndi "Umasiye", yomwe Esau anaimba ndi Baaba Maal. Ndi mayina a zinthu zomwe anthu amakambirana pakhonde tsiku ndi tsiku, ndipo umasiye makamaka ndi nkhani yomwe mabanja ambiri m'Malawi anailawa pa zaka zomwe Edzi inapulula anthu. Palinso "Bilimankhwe". Kwa mlendo limeneli ndi dzina chabe la kanyama, koma Mmalawi akalimva amakumbuka nthano ya mthenga woyenda mozengereza amene anapitiriridwa ndi buluzi, imfa n'kulowa m'dziko, komanso nyimbo yamakolo yofunsa kanyamaka za kutupa kwa maso ake. Kanyama komweka kali m'dzina la buku la ndakatulo la Jack Mapanje la mu 1981, Of Chameleons and Gods, ndipo Mapanje kwawo n'ku Kadango, m'boma lomweli la Mangochi.

Gombe la Mangochi linali litazolowera kale mabandi a rock ochokera kunja. Chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chinayambira ku Chintheche mu 2004, chinachitika kangapo ku Nkopola, ndipo kunabwera magulu a ku England monga The Maccabees mu 2009 ndi Foals mu 2011. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewo ankabwera kudzaimba n'kubwerera, pomwe The Very Best inadzapangira nyimbo zake komweko.

Zotsatira

Tinganene mosamala kuti Makes a King ndi chimodzi mwa zimbale zochepa za m'Chichewa zomwe zinafika m'makutu a okonda rock yamakono kunja. Ubale ndi Baaba Maal unapitirira: Johan Hugo anathandiza kujambula chimbale chake cha The Traveller, chomwe chinatuluka kumayambiriro kwa 2016. Chaka chomwecho The Very Best, Baaba Maal ndi gulu la ku South Africa la Beatenberg anajambula nyimbo zisanu pamodzi ndi Mumford & Sons, ndipo zinatuluka mu Juni 2016 pa kachimbale kotchedwa Johannesburg.