Mchere Wotuluka Pansi pa Nthaka

Kwathu kwa Mfumu Pembamoyo, ku Vubwi, ana ambiri amaganiza kuti mchere unabwera ndi masitolo. Koma ndikaona mwambo wa mdulo, momwe ife Achewa timasamalira za munthu woyenera kuthira mchere m'ndiwo, ndimadziwa kuti mcherewu ndi wakalekale pakati pathu. Nanga makolo athu ankautenga kuti, pomwe nyanja yamchere ili kutali chotere?

Kuno kumtunda mvula imatsuka nthaka, choncho madzi a m'zitsime zambiri ndi abwino kumwa. Makolo ankacheza chidulo cha phulusa, koma mchere weniweni unkapezeka makamaka kuzigwa zotentha. Kumeneko madzi apansi amayenda pang'onopang'ono m'miyala, akusungunula mchere. Pamalo pomwe ali pafupi ndi pamwamba, dzuwa la Okutobala limawakoka, ndipo amakwera m'dothi monga palafini m'chingwe cha koloboyi. Madziwo akauma mchere umatsala, chaka ndi chaka, mpaka pansi kuyera mbuu. Ku chigwa cha Luangwa, pa kasupe wotentha wa Chichele m'dera la Nsefu, nthaka yotere ikuonekabe mpaka lero.

Abale athu a mu ufumu wa Maravi, Amang'anja a ku chigwa cha Shire, anasandutsa dothi limeneli kukhala chuma. Ankalipala n'kuliika mumphika woboola pansi, kuthiramo madzi, kenaka kuumitsa madzi odonthawo mpaka mchere utatsala. David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, analemba za ntchitoyi m'buku lake la mu 1865. Mcherewo unkayenda pamitu ya amalonda pamodzi ndi makasu ndi nsalu za machila. Mu Epulo 1859 iye anafikanso ku nyanja ya Chilwa n'kupeza madzi ake ali amchere, pakuti nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti chuma chadzulo chija lero ndi chisoni. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli mijigo yomwe anthu anaisiya chifukwa madzi ake samweka, sopo sachita thovu, ndipo amayi amabwerera kumtsinje komwe kuli ng'ona. Nthaka sinasinthe khalidwe. Chasintha n'chakuti kale ankaipempha mchere, pomwe lero akuipempha madzi akumwa ndi othirira.

N'chifukwa chake ndimaganizira madimba athu a m'madambo, momwe timathirira tomato ndi repu chilimwe chonse. Madzi alionse apansi ali ndi kamchere, ngakhale lilime lisakamve. Dimba likasowa ngalande yotulutsa madzi, kamchereko kamaunjikana pamizu, ndipo mbewu zimafota dothi lili lonyowa. Makolo akaona dothi loyera ankathamangira mphika. Ife tikaliona m'dimba, titsegule ngalande, tithire manyowa, tiphimbire nthaka ndi udzu, kuti ana athu adzalimenso pomwepo.