Mfuti ya Gogodera ndi Alenje a ku Nkaya

Anzanga amene tinakhalira limodzi m'kalasi, mukukumbukira kuti pa phunziro la mbiri tinkaloweza dzina la Harry Johnston ndi nkhondo zake zolimbana ndi mafumu a Chiyao. Koma za mfuti imene mafumuwo ankamenyera nkhondozo sitinauzidwe kanthu. Ine ndinakulira ku Nkaya, ndipo mfutiyo ndinaiona ndi maso itapachikidwa m'nyumba ya agogo anga. Dzina lake ndi gogodera.

Mfuti zimenezi zinafika kuno m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a Chiyao amene ankapita kugombe, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Ankapereka minyanga ndi akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Zambiri zinali zakale zimene asilikali a ku Ulaya anazisiya, kapena zotsika mtengo zopangidwa ku Birmingham. Mafumu monga Kawinga, Liwonde ndi Jalasi anakula mphamvu nazo. Tisabise, mfuti yomwe inkapha njovu ndi yomwenso inkagwira anthu.

Luso lonse la gogodera linali pa kuthira. Mlenje ankayamba ndi wonga, n'kutsindira kansanza kapena chiwondo, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsindiranso. Sikelo panalibe. Agogo ankati muyeso unali zala: ukalowetsa chitsulo chotsindira, umaona kuti chatsalira kunja zala zingati. Gwape ndi mbawala zinkafuna wonga wochepa ndi tizitsulo ting'onoting'ono tambiri, pakuti ukachulutsa umangowononga ndiwo. Ngoma, mphalapala ndi njati zinkafuna chipolopolo chimodzi cholemera ndi wonga wochuluka.

Apa ndiye panali pa moyo ndi imfa. Ukachepetsa wonga, njati imangovulala, ndipo njati yovulala imabisala n'kumudikira mlenje. Ukachulutsa, mpope wakale wodyedwa ndi dzimbiri umaphulika m'manja. Chipolopolo chikapanda kufika pansi n'kukhudza wonga, ngozi inali yomweyo. M'mudzi mwathu munali nkhalamba ina ya zala zitatu kudzanja lamanzere, ndipo ife ana sitinkafunsa chifukwa, tinkadziwa.

Mtovu unali wosowa, choncho anthu ankasula zipolopolo kuchokera ku zidutswa za chitsulo, ngakhale miyendo ya miphika yachitsulo. Chipolopolo chotere sichikwana bwino mu mpope, ndipo mpopewo unali wosalala m'kati, wopanda mizere yozunguza chipolopolo ngati mfuti za lero. N'chifukwa chake mlenje ankakwawa mpaka pafupi penipeni, mphepo ikuchokera kumene kuli nyama. Akawomba, utsi unkamutseka m'maso, ndipo kuthiranso kunkatenga nthawi. Nyengo ya dzinja wonga ukanyowa, mfuti inkasanduka ndodo chabe. Ine ndimaona kuti anthu amenewa ankapha ndi miyendo ndi makutu koposa ndi mfuti.

Kutha kwake kunayamba ndi pangano la ku Brussels la 1890, limene linaletsa kugulitsa mfuti ndi wonga mwachisawawa m'dera lalikulu la Africa. Mu 1891 dziko lino linakhala pansi pa Angerezi, ndipo mu 1895 Kawinga anagonja ku phiri la Chikala, Jalasi naye anathawa ku Mangochi. Atsamunda anabweretsa malayisensi a mfuti ndi a ulenje, amene munthu wamba sankawakwanitsa.

Komabe gogodera sinafe msanga. Inatsalira m'minda, yopirikitsira nguluwe ndi anyani. Njanji yochoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi itatsegulidwa mu 1970, anthu anachuluka ndipo thengo linachepa. Mu 1973 boma linakhazikitsa malo osungira nyama a Liwonde, ndipo kulowamo ndi mfuti kunakhala mlandu. Ya agogo anga, iwo atamwalira, amalume anakaipereka kupolisi, koma nyanga yosungiramo wonga ilipobe kwathu.