Kinnah Phiri, katswiri yemwe dziko lidamuonera m'makutu

Zigoli 71. Chiwerengero chimenechi chakhala chilipo zaka zoposa makumi anayi tsopano, ndipo palibe mwana wa Malawi yemwe wachiyandikira n'komwe. Mwini wake ndi Kinnah Phiri, wobadwa m'chaka cha 1954, yemwe adavala malaya a timu ya dziko lino kuyambira 1973 mpaka 1981 m'masewero opitirira 110. Mu Africa muno ndi ochepa zedi omwe adagoletsera dziko lawo zigoli zoposa apa. Mmodzi mwa iwo ndi malemu Godfrey Chitalu wa ku Zambia, yemwe adafa pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993.

Chodabwitsa n'chakuti unyinji wa anthu omwe ankalumbira pa dzina la Kinnah sadamuonepo akukankha chikopa. Wailesi yakanema idafika muno mu 1999, iye atapachika kale nsapato. Kumadera monga kwa Simlemba, kumpoto kwa Kasungu, Blantyre kudali kutali ngati kunja. Ndani akadasiya fodya m'chigafa kukakwera basi ya United tsiku lathunthu chifukwa cha mpira wa mphindi 90? Bwalo la anthu a kumeneko lidali wailesi ya Nzeru yokolekedwa pa mtengo, mabatire oyanikidwa padzuwa kuti atoleko mphamvu, ndi mawu a muulutsi wa MBC. Muulutsi akangokweza mawu potchula dzina lija, ngakhale wosadziwa Chingelezi ankadziwa kuti goloboyi wa eni ake ali m'madzi. Aliyense adali ndi Kinnah wakewake m'mutu: kwa ena wamtali, kwa ena wojintcha. Adagwirizana pa chimodzi chokha, dzina lomwe ochemerera adam'patsa: "Electric".

Kwawo kwa mpira kudali ku Bata Bullets, timu ya anthu ovala zofiira. Koma chomwe chidam'sandutsa chuma cha fuko lonse ndi chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa. Mu 1978 mpikisanowu udachitikira konkuno, ndipo anyamata a mphunzitsi Ted Powell adagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira adakachiteteza ku Kenya, kuswa eni bwalo 3-2. Sadali yekha ayi. Pagolo padali Boniface Maganga, kumbuyo Jack Chamangwana, kutsogolo Barnet Gondwe. Koma wopha nyama ndiye amatchuka, ngakhale uzimba udali wa mudzi wonse.

Tsono tiyeni tinene zomwe sizinkaneneka masiku amenewo. Zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya idali kufalikira m'zigwa za Kasungu, ndipo matenanti ankakhetsa thukuta chaka chonse, mabelo n'kupita ku okushoni, ndalama n'kukagona m'matumba a ena. Wosewera mpira naye adali tenanti wa mtundu wake. Mpira sudali ntchito yolembedwa. Anyamata ambiri ankadalira ntchito ku kampani kapena ku nthambi ya boma yomwe inkathandiza timu yawo. Mabwalo ankadzaza, mbendera inkakwera, akuluakulu ankaombera m'manja, koma mwini miyendo ankabwerera kunyumba ndi dzina basi. Dzina siligula ufa.

Mwayi wothawa umphawi udam'peza Kinnah kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pomwe timu ina ya ku United Arab Emirates idamufuna. Akuluakulu a nthawiyo sadam'lole. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, munthu wotchuka sadali mwini wa moyo wake. Ati ndi chuma cha dziko, koma chuma chosafunsidwa maganizo. Akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fodya wa Kinnah adauluzika ali pachala, ndipo mphepo yake idachokera kwa abale ake omwe.

Mapeto ake, cha mu 1982, adalowera ku Swaziland, dziko lomwe lero likutchedwa Eswatini, kukasewera mu Manzini Wanderers. Padalibe mpira womutsazika, padalibe chikondwerero. Omvera wailesi adangozindikira kuti dzina lija lasiya kumveka Loweruka masana. Pomwe Malawi idapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha Africa ku Ivory Coast mu 1984, yemwe adazolowetsa fukoli kupambana sadali nawo. Khomo lomwe adam'tsekera iye lidatsegukira ena pambuyo pake: Ernest Mtawali adakatchuka ku Bloemfontein Celtic, Chamangwana ku Kaizer Chiefs.

Ambiri akapuma mpira nkhani yawo imathera pomwepo. Ya Kinnah idaphukanso. Adabwerera ngati mphunzitsi, ndipo mu 2004 adafikitsa Bullets, yomwe panthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets, m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Ataphunzitsako Free State Stars ku South Africa, mu 2008 adapatsidwa Flames. Mu June chaka chomwecho Egypt, yomwe idali itangotenga kumene chikho cha Africa, idagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Pa 11 January 2010, mumzinda wa Luanda ku Angola, Malawi idathambitsa Algeria 3-0 kudzera mwa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Padali patadutsa zaka 26 chiyambire kusowa ku mpikisanowu. Apa ndiye ambiri adamuona nkhope koyamba pa kanema, bambo wachikulire ataima m'mbali mwa bwalo. Mu January 2013 adam'chotsa ntchito, monga momwe aphunzitsi onse amathera.

Lero mwana wa ku Kasungu angathe kuonera pa foni chigoli chilichonse cha Didier Drogba, koma za zigoli 71 zija angomva kwa agogo ake. Nkhokwe yaikulu ya mbiri imeneyi ndi mitu ya anthu omwe adazungulira mawailesi aja, ndipo chaka ndi chaka tikuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi. Chamangwana adatisiya mu 2018. Bungwe la FAM, a MBC ndi ife olemba nkhani tili ndi ngongole: kupita kwa osewera otsalawo ndi kwa omvera awo, kujambula mawu awo, kusonkhanitsa zithunzi ndi nyuzi zakale, n'kuziika pomwe mwana wasukulu angazipeze. Tidakana kum'gulitsa Kinnah ati poti ngwathu. Ngati ngwathudi, tiyeni tim'sunge akadali moyo, osadikira tsiku loyala nkhata.