Magalasi owonjezera pokoka ngolo kapena kalavani

Galimoto ikakoka chinthu chotambalala kuposa iyo, magalasi ake oonera kumbuyo amalephera ntchito yomwe anawapangira. Galasi la m'kati limangoonetsa nkhope ya ngolo, pomwe a m'mbali amaonetsa ngodya zake ndi kachigawo kochepa chabe ka msewu. Magalasi owonjezera, omwe amamangiriridwa pa magalasi a m'mbali kuti atulukire kunja, ndiwo amathandiza dalaivala kuonanso zomwe zikumutsatira.

M'maiko monga Britain ndi South Africa magalasiwa ndi odziwika pakati pa anthu okoka makalavani, timanyumba ta matayala togonamo paulendo. Ku Malawi makalavani ndi osowa, ndipo ambiri mwa omwe amaoneka ndi a alendo odzaona malo. Komabe vuto lomwe magalasiwa amathetsa limapezeka tsiku ndi tsiku m'misewu ya dziko lino, monga ya m'dera la T/A Mkhumba m'boma la Phalombe.

Zokokedwa m'misewu ya kwa Mkhumba

Dera la Mkhumba lili m'chigwa cha Phalombe, pafupi ndi mapiri a Mulanje ndi Michesi. Msewu wa phula wochokera ku Zomba kudzera pa Jali umadutsa pa boma la Phalombe kupita pa Chitakale m'boma la Mulanje, ndipo misewu yambiri ya fumbi yochokera m'midzi imadzathera mu msewu umenewu. Nyengo yokolola ikafika, amalonda amalowa m'midzimo kukagula nandolo, chimanga ndi mpendadzuwa. Ena amakoka ngolo ndi mapikiapu, ena ndi mathirakitala. Palinso okoka matanki a madzi, majenereta, makina okumbira mijigo ndi zimkuzamawu za pamisonkhano. Nthawi zina pamadutsanso kalavani ya mlendo wopita kukakwera phiri la Mulanje.

Galimoto zonsezi zimagawana msewu ndi anthu oyenda pansi, ana a sukulu, mbuzi, njinga zamoto ndiponso njinga zakapalasa, zomwe ku Phalombe ndi zochuluka zedi. Popeza ku Malawi galimoto zimayenda kumanzere ndipo chiwongolero chimakhala kumanja, anthu a panjinga ndi oyenda pansi amapezeka mbali yomwe ili kutali ndi dalaivala. Pachifukwachi galasi la kumanzere, lomwe madalaivala ena amalinyalanyaza ngakhale litasweka, ndilo lofunika kwambiri m'dera ngati limeneli.

Chomwe chimabisika ndi chifukwa chake

Pikiapu wamba ndi yotambalala pafupifupi mamita 1.8, pomwe kalavani kapena ngolo yaikulu imatha kufika mamita 2.3 kapena kuposerapo. Kusiyana kwa theka la mitaku kukutanthauza kuti chokokedwacho chimatulukira masentimita 25 mbali iliyonse ya galimoto. Magalasi a galimoto zing'onozing'ono nthawi zambiri safika pamenepo. Ngolo yopapatiza nayonso imabweretsa vuto lomwelo ngati matumba asanjidwa motulukira m'mbali kapena ngati tenti yofunditsa katundu ikufufuma ndi mphepo.

Zikatero, kumbuyo kwa ngodya iliyonse ya ngolo kumakhala malo obisika, ndipo malowo amanka natambalala akamatalikira. Pafupi ndi ngolo mungabisike munthu wa panjinga, koma mamita makumi angapo kumbuyo mungabisike minibasi yathunthu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo ya makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22. Choncho galimoto yomwe dalaivala sanaione itha kukhala pambali pake m'kanthawi kochepa. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo njinga yakapalasa simveka n'komwe pakati pa phokoso la injini ndi kugubuduka kwa ngolo.

Njira yodziwira ngati magalasi owonjezera akufunika ndi yapafupi. Galimoto ndi ngolo ziimikidwe pamalo afulati, molunjikana bwino. Dalaivala akhale pampando wake monga amakhalira poyendetsa. Ngati pa galasi lililonse la m'mbali akuona mbali yonse ya ngolo mpaka ngodya yake ya kumbuyo, komanso msewu wa kumbuyo kwake, magalasi omwe alipo ndi okwanira. Ngati akungoona nkhope ya ngolo kapena matumba, magalasi owonjezera akufunika mbali zonse ziwiri.

Mitundu ya magalasiwa

Magalasi owonjezera amasiyana pa kamangidwe. Ena amakhala ndi zopanira zomwe zimagwira mkombero wa galasi la galimoto n'kumangidwa ndi masikuluwu a pamanja. Amenewa amagwira molimba ndipo ndiwo oyenera misewu ya mabampu. Ena amamangidwa ndi malamba a labala ozungulira galasi. Ndi otsika mtengo ndiponso osavuta kuika, koma labala imatha msanga ndi dzuwa ndipo ikafooka galasi limanjenjemera. Enanso amamatidwa pa galasi lenileni ndi kachipangizo koyamwa mpweya, koma fumbi ndi kugwedezeka zimatha kuwagwetsa. Palinso opangidwira mtundu umodzi wa galimoto, omwe amavekedwa pamwamba pa galasi lake, ndipo galimoto zina zokokera katundu zimabwera ndi magalasi otha kukokedwera kunja.

Amasiyananso pa galasi lenilenilo. Lafulati limaonetsa zinthu pa mtunda wake weniweni, koma limaonetsa malo ochepa. Lotukuka ngati msana wa supuni limaonetsa malo aakulu, koma limachepetsa zinthu, kotero kuti galimoto yomwe ili pafupi imaoneka ngati ikadali kutali. Okoka makalavani ambiri amaika lafulati kumanja, komwe dalaivala amafunika kuyeza mtunda ndi liwiro la galimoto zofuna kumupitirira, ndipo lotukuka amaliika kumanzere, komwe chofunika ndi kuona aliyense yemwe ali m'mphepete mwa msewu. Wogwiritsa ntchito galasi lotukuka azikumbukira kuti chomwe akuona chili pafupi kuposa momwe chikuonekera.

Timagalasi tozungulira tomata pa ngodya ya galasi, tomwe timagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, timathandiza kuona pambali pa galimoto, koma sitingaonetse kuseri kwa ngolo chifukwa timakhala pamalo omwewo pomwe galasi lotchingidwalo lili. Kamera ya kumbuyo nayonso imathandiza pobwerera chambuyo, koma silowa m'malo mwa magalasi a m'mbali.

Kaikidwe ndi kayesedwe

Ntchitoyi ichitike ulendo usanayambe, ngolo itakolekedwa kale ndiponso katundu atapakidwa, chifukwa kulemera kwa katundu kumatsitsa kumbuyo kwa galimoto n'kusintha zomwe magalasi akuonetsa. Mkombero wa galasi upukutidwe kuti zopanira zigwire bwino. Galasi lowonjezera litulutsidwe mpaka lipitirire pang'ono mbali ya ngolo, osati kutali kwambiri. Kenaka lipendeketsedwe kuti m'mphepete mwake mwa m'kati muzioneka mbali ya ngolo, ndipo gawo lotsalalo lizionetsa msewu. Galasi la galimoto lenileni litha kuweramitsidwa pang'ono kuti lizionetsa matayala a ngolo ndi m'mphepete mwa msewu.

Muyeso womwe umatsatidwa ku Britain ndi ku Ulaya ndi wothandiza kulikonse. Dalaivala ayenera kuona malo otambalala mamita 4 kuchokera pambali pa galimoto, pa mtunda wa mamita 20 kumbuyo kwake, mbali zonse ziwiri. Poyesa pamafunika mnzake. Iye ayende mamita 20 kulowera kumbuyo, aime molunjika mbali ya ngolo, kenaka asendere kunja pang'onopang'ono mpaka mamita 4. Ngati dalaivala akumuona nthawi yonseyi popanda kusuzumira kapena kutulutsa mutu pawindo, galasilo laikidwa bwino. Achitenso chimodzimodzi mbali inayo.

Misewu ya fumbi imamasula masikuluwu ndi kupotoza magalasi. Ndi bwino kuima pakatha makilomita ochepa n'kumangitsanso zopanira, komanso kuchita zomwezo potuluka mu msewu wa fumbi kulowa wa phula. M'chilimwe fumbi limakuta magalasi, m'dzinja matope amawathimbirira, choncho kansalu kopukutira kasasowe m'galimoto.

Kagwiritsidwe ntchito pamsewu

Pokhota, matayala a ngolo satsata mapazi a matayala a galimoto. Amadula njira chakum'kati kwa kona, ndipo ngolo ikatalika amadulanso kwambiri. Dalaivala wokhotera kumanzere pamphambano kapena pamsika amatha kudutsa bwinobwino munthu wa kabaza yemwe waima m'mphepete, koma tayala la ngolo n'kumupeza. Choncho ayang'ane galasi la kumanzere asanayatse indiketa, asanayambe kukhota, ndiponso ali m'kati mokhota, ndipo konayo aitenge motambalala.

Popitirira njinga kapena ngolo ya ng'ombe, galimoto yokoka imafuna mtunda wautali kuposa masiku onse. Dalaivala asabwerere kumanzere asanaone pa galasi kuti ngodya ya kumbuyo kwa ngolo yadutsa kwathunthu munthu yemwe wamupitirirayo. Wa panjinga wonyamula matumba kapena mtolo wa nkhuni amafuna malo ochuluka, chifukwa katundu wake amatulukira m'mbali ndipo mphepo ya galimoto imatha kumugwedeza.

Galimoto yokoka ngolo imayenda pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwake kumasonkhana mzere wa galimoto zina. Dalaivala yemwe akuziona atha kupatuka pamalo abwino kuti zidutse. Yemwe sakuziona amachititsa anzake kutopa n'kuyamba kumupitirira pamalo oopsa.

Magalasi amachenjezanso za ngolo yeniyeniyo. Tayala lophwa, chingwe chomasuka, thumba lomwe layamba kutsetsereka kapena tenti yomwe yang'ambika zimaonekera pa galasi zisanabweretse ngozi. Ngolo ikayamba kugwedezeka uku ndi uku, dalaivala amaiona pa galasi msanga. Zikatero achotse phazi pa mafuta pang'onopang'ono, agwire chiwongolero molunjika, ndipo asaponde mabuleki mwadzidzidzi. Kawirikawiri kugwedezekaku kumabwera chifukwa cha liwiro kapena chifukwa choti katundu wolemera waikidwa kumbuyo kwenikweni kwa ngolo m'malo mwa pamwamba pa matayala ake.

Pobwerera chambuyo, magalasi saonetsa malo omwe ali kuseri kwenikweni kwa ngolo. M'midzi ndi m'misika, momwe ana amakonda kuthamangira galimoto, pamafunika munthu wamkulu woima pomwe dalaivala akumuona pa galasi kuti azimulondolera. Womulondolerayo akasowa pa galasi, galimoto iime.

Zomwe malamulo amanena

Ku Malawi nkhani za galimoto zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997 pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka m'menemo, ndipo nthambi ya boma yoyang'anira ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe ambiri amangoitchula kuti Road Traffic. Magalasi oonera kumbuyo ali m'gulu la zinthu zomwe zimayang'anidwa galimoto isanapatsidwe chiphaso cha COF. Koma chiphasocho chimanena za galimoto monga inalili tsiku loyesedwa. Galimoto yomwe magalasi ake anali okwanira ili yokha itha kukhala yosaona kumbuyo ikakoka ngolo yotambalala, ndipo udindo woona zimenezi ndi wa dalaivala.

Ku Britain wokoka kalavani popanda magalasi oyenera atha kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 1,000 ndi kulembedwa mapointi atatu a chilango pa chiphaso chake. Kumeneko magalasi owonjezera saloledwa kutulukira masentimita oposa 25 kupitirira mbali yotambalala kwambiri ya galimoto kapena kalavani, ndipo pa galimoto zakale, za chaka cha 2007 chisanafike, malire ake ndi masentimita 20. Malamulo a ku South Africa nawonso amafuna kuti dalaivala aziona bwino galimoto za kumbuyo kwake, mfundo yofunika kwa Amalawi omwe amakoka ngolo za katundu kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete.

Ngolo ikachotsedwa

Malire a masentimita aja ali ndi chifukwa chake. Galasi lotulukira kwambiri limakhala pa msinkhu wa phewa kapena mutu wa munthu wa panjinga. Ngolo ikakhala kumbuyo, galasilo limangopitirira pang'ono malo omwe ngoloyo idutsepo kale. Ngolo ikachotsedwa, galasi limatsala lokha kunja kwa galimoto, ndipo dalaivala amaiwala msanga kuti lilipo. N'chifukwa chake magalasi owonjezera ayenera kumasulidwa nthawi yomweyo ngolo ikangokololedwa, ngakhale ulendo wotsatira utakhala wongofika pamsika.

Kwa eni galimoto za malonda, mtengo wa magalasi awiri ndi wochepa pouyerekeza ndi wa tayala limodzi. Yemwe sanawapeze ali ndi njira zina: kusanja katundu mosapitirira m'lifupi mwa galimoto, kubwereka ngolo yopapatiza, kapena kukoka ndi galimoto yotambalala ngati lole, yomwe magalasi ake ndi otulukira kale. Chosayenera ndi kunyamuka ulendo dalaivala asakuona ngodya zonse ziwiri za kumbuyo kwa chomwe akukoka.