Mafunso a mbiri ndi mabuku amene amagwetsa ambiri pocheza

Nkhani za mpira ndi ndale zikatha pamalo ochezera, abwenzi ena m'mizinda amayamba kuponyerana mafunso a mbiri ya dziko lino ndi a mabuku. Machezawa ndi apachibale ndi ndagi zakumudzi, koma amasiyana poti yankho lake limakhala tsiku, chaka kapena dzina lomwe lingatsimikizidwe. Chodandaulitsa n'chakuti kawirikawiri amapambana ndi wokuwa kwambiri, ngakhale yankho lake likhale lolakwika.

Funso limodzi logwetsa anthu n'lakuti: mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress anali ndani? Ambiri amathamangira kutchula Dr Hastings Kamuzu Banda. Yankho ndi Orton Chirwa, yemwe adatsogolera chipanichi pomwe chimakhazikitsidwa mu 1959, Banda ali m'ndende ku Gwelo, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe.

Tsiku la 6 July nalo ndi msampha, chifukwa lidasenza mbiri zitatu. Pa tsikuli mu 1958 Banda adabwerera kuno kumudzi, mu 1964 dziko lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1966 lidasanduka lipabuliki. Choncho wofunsa kuti pulezidenti anali ndani mu 1964 akungotchera anzake ndale: udindowu kudalibe. Banda anali nduna yaikulu, pomwe mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, yomwe inkaimiridwa ndi Sir Glyn Jones.

Za John Chilembwe n'zachidule. Tchuthi chomukumbukira chimakhala pa 15 January, koma kuukira atsamunda kudayamba pa 23 January 1915.

Pa mabuku m'pomwe ambiri amangoti kukamwa yasa. Munthu wodziwa bwino Chinua Achebe ndi William Shakespeare amakakamira akafunsidwa amene adalemba Nthondo. Mlembi wake ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli lidatuluka mu 1933 litapata mphotho pampikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo chaka chotsatira Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pamutu wakuti Man of Africa. Sikusinja ndi Gwenembe ndi buku la John Gwengwe, ndipo kufanana kwa mayina a Gwenembe ndi Gwengwe kumapunthwitsa ngakhale amene adaliwerenga kusukulu.

Jack Mapanje amadziwika ndi ambiri kuti adamangidwa, koma zaka zimasokonekera. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa mu 1981. Iye adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kutulutsidwa mu 1991.

Funso lina limabutsa mkangano weniweni: kodi Ntara adalemba Nthondo m'chiyankhulo chanji? Woyankha kuti Chichewa sadalakwe, poti mlembiyo anali Mchewa. Koma m'mabuku ndi m'sukulu za nthawiyo chiyankhulochi chinkatchedwa Chinyanja, kufikira mu 1968 pomwe boma la Banda lidakhazikitsa dzina la Chichewa.