Mitengo Pamwamba, Mipope Pansi: Mbiri ya Lilongwe Kuyambira ku Kauma

Pa nkhani yathu ya mbiri lero tikambirana za mzinda wa Lilongwe, likulu la dziko lathu la Malaŵi. Ulendo wathu tiuyambira ku Kauma, mudzi waukulu umene uli chakum'maŵa kwa City Centre, kufupi ndi Area 12.

Amene munafikako mukudziŵa kuti chakumunsi kwa mudziwo, kufupi ndi mtsinje wa Lilongwe, kuli maiŵe akuluakulu okumbidwa ndi anthu, ondandalikana ngati minda ya mpunga. Kumeneko ndiko kumathera madzi oipa ochokera m'zimbudzi zamadzi za mbali zina za mzindawu, atayenda mtunda wautali m'mipope ya pansi pa nthaka imene ambiri amati suweji. Kumenekonso ndiko kumene magalimoto opopa zimbudzi amakakhuthula katundu wawo. Chodabwitsa nchakuti anthu ambiri a ku Kauma komweko amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo madzi akumwa amakagula ndi ndowa pa mpope wa anthu onse. Kodi zinatheka bwanji kuti mpope wa mzinda ufike pakhomo pa munthu koma osamthandiza iye mwini? Kuti tiyankhe funso limeneli tiyenera kubwerera m'mbuyo.

Lilongwe anayamba ngati kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje umene unampatsa dzinalo. Atsamunda anakhazikitsapo boma lawo m'chaka cha 1904. Ulimi wa fodya utakula m'chigawo chapakati, amwenye anatsegula masitolo, msika unakula, ndipo m'chaka cha 1947 malowo anaŵerengedwa kuti ndi tauni. M'chaka chomwecho munayamba bungwe loona za madzi la Lilongwe Water Board. Komabe tauniyo inali yaing'ono ndithu. Pa kalembera wa m'chaka cha 1966 munapezeka anthu ongopitirira pang'ono 19,000.

Dziko litalandira ufulu, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, pofuna kuti chitukuko chifikenso pakati ndi kumpoto. Boma la Britain silinafune kupereka ndalama za ntchitoyi. Ndalama zoyambira zinachokera ku South Africa, dziko limene m'chaka cha 1968 linapereka ngongole ya 8 miliyoni rand. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu lotchedwa Capital City Development Corporation, mwachidule CCDC. Pulani yoyamba inalembedwa ndi akatswiri aŵiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, ndipo pambuyo pake akatswiri a CCDC anaikonzanso mwina ndi mwina. Pa 1 Januwale 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko.

Tsono tiyeni tione zimene zinali m'mitu ya olemba pulaniwo. Iwo ankafuna mzinda wokhala pakati pa mitengo ndi maluŵa, umene pa Chingerezi ankautcha Garden City. Ganizoli linali lakale. Linachokera kwa Ebenezer Howard wa ku England, amene m'chaka cha 1898 analemba buku lodandaula za utsi, kuthithikana ndi matenda a m'mizinda ngati London. Iye ankati mzinda wabwino uyenera kukhala ndi malo opanda nyumba pakati pa midzi yake, kuti anthu azipuma mpweya wabwino ndi kupeza poseŵera.

Nchifukwa chake Lilongwe anamangidwa motayana chonchi. Mzinda unagaŵidwa m'madera okhala ndi manambala, ndipo manambalawo satsata kuyandikana kwa malo, chinthu chimene chimasokoneza alendo mpaka lero. Madambo ndi magombe a mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi anasiyidwa dala opanda nyumba. Pakati pa Old Town ndi City Centre anasiya nkhalango yonse, imene tikuidziŵa kuti Nature Sanctuary, kuti nyama, mbalame ndi mitengo yachilengedwe zikhale mkati mwenimweni mwa likulu. M'mbali mwa misewu anabzala mitengo yambirimbiri, ndipo mthunzi umene timapumirapo lero tikamadikira minibasi ndi mphatso ya anthu amene anakumba maenje zaka zimenezo. Malo osiyidwawo anali ndi ntchito inanso yoposa kukongoletsa. Dambo limamwa madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono, motero limateteza nyumba za kumunsi.

Zimenezi ndi za pamwamba pa nthaka, zooneka ndi maso. Nanga pansi pa nthaka panali zotani? Madzi akumwa a mzindawu amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'mapiri a Dzalanyama. M'chaka cha 1966 ku Malingunde kunamangidwa damu loyamba, Kamuzu Dam I. Anthu atachuluka kunamangidwa lachiŵiri m'chaka cha 1989, ndipo khoma lake linakwezedwa m'chaka cha 1999. Kuchokera kumeneko madzi amatsika ndi mtsinje kufika pa malo owayeretsera mu mzinda, kenaka amapopedwa kukwera m'mathanki a pa zitunda, nkumatsikira m'mipope ya m'midzi.

Koma mipopeyo sinagaŵidwe mofanana, pakuti pulani inasiyanitsa anthu malinga ndi mapezedwe awo. Ku madera ngati Area 10 ndi Area 43 mapuloti anali aakulu, nyumba iliyonse ndi madzi ake mkati, chimbudzi chamadzi ndi thanki yake ya zonyansa pansi pa kapinga. Ku madera ngati Area 18 kunamangidwa nyumba zocheperapo za ogwira ntchito m'boma, zolumikizidwa ku suweji. Anthu wamba, amene ndiwo anali ochuluka, anawakonzera madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25. Kumeneko munthu ankapatsidwa puloti yopimidwa bwino, nkudzimangira yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Chimbudzi chinali chokumba, ndipo madzi ankakatunga pa mpope umodzi wotumikira mabanja ambiri.

Njira imeneyi inali ndi nzeru yake, ndipo tisainyoze. Puloti yopimidwa imakhala ndi mseu patsogolo pake, ndiye kuti tsiku limene ndalama zapezeka mpope uli ndi podutsa. Vuto linali kuchepa kwa mapulotiwo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene waitana likulu waitananso omanga nyumba, alonda, ophika, ogulitsa pamsika ndi abale awo onse. Pa kalembera wa 1977 mu mzinda munali anthu pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anafika 440,000, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318. M'zaka 52 zokha chiŵerengero chinakula pafupifupi ka 50. Bungwe la CCDC lomwelo linathetsedwa m'chaka cha 1984, ntchito zake nkugaŵidwa ku maofesi osiyanasiyana.

Munthu wosoŵa puloti sagona pamtengo. Amapita kwa amfumu a mudzi umene uli m'malire a mzinda kapena umene mzinda waumeza, napempha malo, naumba njerwa. Umu ndimo anakulira Chinsapo, Mtandire, Mgona kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndiponso Kauma, kumene wantchito amatha kuyenda pansi kukafika ku nyumba zazikulu za madera oyandikana nawo. M'midzi imeneyi nyumba zinafika poyamba, pulani nkumabwera pambuyo. Njira zake ndi zopapatiza ndi zokhotakhota, chitsime ndi chimbudzi nthaŵi zina zimayang'anizana pabwalo limodzi, ndipo poseŵera ana ndi pabwalo la sukulu kapena pamseu, ndi mpira wachikulunga.

Tibwerere tsopano ku maiŵe aja. Kwa zaka zambiri likulu linalibe malo aakulu oyeretsera madzi oipa, koma timalo ting'onoting'ono tomwazikana. Ndi thandizo la boma la Japan kunamangidwa mipope ikuluikulu pamodzi ndi maiŵe a ku Kauma, ndipo ntchitoyi inatha m'chaka cha 1997. Anawakonza kuti azilandira malita oposa 6 miliyoni patsiku. Anasankha malo amenewo chifukwa madzi a m'suweji amayenda okha potsata kutsetsereka kwa nthaka, choncho malo owalandirira ayenera kukhala kumunsi kwa mzinda.

Kagwiridwe ka ntchito ka maiŵewo nkosavuta kumva. M'dziŵe loyamba, limene ndi lakuya, zolemera zimadikha pansi nkumaola. Madzi amasefukira m'maiŵe otambalala ndi osaya, mmene ndere zimatulutsa mpweya umene tizilombo tosaoneka ndi maso timaufuna kuti tidye zonyansa zotsala. M'maiŵe otsiriza dzuŵa limapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo madziwo amabwerera mu mtsinje wa Lilongwe. Ntchito yaikulu amagwira ndi dzuŵa ndi nthaŵi. Koma mukathiramo madzi oposa muyeso, kapena mukaleka kuchotsa matope odikha pansi, madzi amatuluka asanayere, ndipo amene amavutika ndi alimi a madimba ndi amayi ochapa kumunsi kwa mtsinje.

Chaka cha 2017 chinaonetsa mbiri yonseyi ngati pa galasi. Mu Januwale kunatsegulidwa bwalo lalikulu la maseŵera la Bingu National Stadium, lomangidwa ndi ndalama zochokera ku China. Mu Febuluwale mtsinje wa Lingadzi unasefukira nkuwononga nyumba ku Mtandire, anthu nkukumbukira mwambi uja wakuti madzi saiŵala khwaŵa. Mu Julaye mpope wa suweji unaphulika ku Area 18, zonyansa nkuloŵa mu mpope wa madzi akumwa, kusonyeza kuti ngakhale madera opimidwa aja mipope yawo inali itakalamba. Mu Disembala Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, kuphatikizapo kuwonjezera mipope ya suweji ndi kukonzanso maiŵe a ku Kauma. Panthaŵiyo anthu 5 okha pa 100 aliwonse mu mzindawu ndiwo anali olumikizidwa ku suweji.

Ndipo mtengo wa kuchedwa tinauona ndi maso. Kolera imene inabuka mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali mwa maboma okhudzidwa koposa, kotero kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu mzindawu zinachedwa kutsegulidwa. Kolera imayenda ndi madzi okhudzana ndi zonyansa za munthu. Sidziŵa nambala ya dera, pakuti mayi wotunga madzi pa chitsime cha ku Kauma m'maŵa ndi yemweyo amene masana akuphika ku Area 12.

Omvera athu, nkhaniyi ikukhudzanso inu amene muli ku Mponela, ku Dwangwa, ku Jenda, ku Lunzu ndi pa malo ena a malonda amene akukula tsiku ndi tsiku. Lilongwe anali ngati inu m'chaka cha 1966. Kusiya mpata wa mseu, bwalo la mpira ndi njira ya mpope pamene malo akali tchire kumangofuna chingwe, zikhomo ndi kumvana kwa amfumu, khonsolo ndi anthu. Kufuna mpata womwewo nyumba zitadzaza kumafuna kugwetsa makoma, kulipira chipukutamisozi ndi milandu yosatha. M'mera mpoyamba. Amene akugaŵa malo lero afunse kuti ana adzaseŵera pati, madzi abwino adzaloŵera kuti, nanga oipa adzatulukira kuti, asanaloze munthu pomanga.

Ku Kauma mafunso ameneŵa akuyankhidwa mochedwa, mpope umodzi ndi ngalande imodzi panthaŵi, pakati pa nyumba zomangidwa kale. Kwa lero tilekeze pomwepa.