Mabungwe a Atsikana a m'Makoleji a ku Amereka

Ku Mangochi atsikana ovinidwa pamodzi ku nsondo amasungirana zinsinsi mpaka kukalamba. Amene amayesa zoterezi n'zakumudzi kokha amve za m'makoleji a ku Amereka.

M'chaka cha 1867 koleji ya Indiana Asbury inayamba kulandira akazi, ndipo Bettie Locke anali m'gulu loyambalo. Anyamata a bungwe lachinsinsi la Phi Gamma Delta anampempha kuti azivala baji yao, koma umembala ayi. Angokhala chokometsera dzina la eni ake! Iye anakana. Pa 27 Januwale 1870 iye ndi anzake atatu anayambitsa Kappa Alpha Theta, bungwe la akazi okhaokha, lokhala ndi malumbiro ndi zizindikiro zakezake. Sanali oyamba kwenikweni, pakuti ku Macon, Georgia, kunali kale Adelphean Society kuyambira 1851. Nthambi zinaphuka m'makoleji ena, mwakuti mu 1902 mabungwewa anakumana ku Chicago kuti agwirizane za kalandiridwe ka mamembala.

Chochititsa manyazi n'chakuti amene anakanizidwa kulowa kwa amuna nawonso anatsekera kunja akazi akuda. Mu 1908 Ethel Hedgeman ndi anzake pa Howard University, ku Washington, anayambitsa lao, Alpha Kappa Alpha. Mu Januwale 1913 atsikana 22 anapatukamo n'kupanga Delta Sigma Theta, ndipo pa 3 Malichi chaka chomwecho anali kale mumsewu wa Washington, pa ulendo wa akazi ofuna ufulu wovota.